Namondwe wa Kunyanja Akafika Pakhomo

Beira ndi mzinda wokhala m'chidikha. Apwitikizi anaukhazikitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 padambo la matope, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere ya India, ndipo chakummwera pang'ono mtsinje wa Buzi nawo umathira pomwepo. Madera ena a mzindawu ngotsika kwambiri moti nyanja ikadzaza, madzi ake amakhala pamwamba kuposa mabwalo a nyumba za anthu, ndipo chowatchinga ndi mchenga wa pagombe ndi makoma akalekale basi. Mmenemo mumakhala anthu oposa theka la miliyoni. Kwa ife a ku Malawi dzinali si lachilendo. Mafuta a galimoto ndi feteleza wambiri amene timagwiritsa ntchito amatsikira padoko la Beira, ndipo Chisena chimene chimamveka pamsika wa ku Nsanje chimamvekanso ku Munhava, dera lothithikana kwambiri la mzindawu.

Usiku wa pa 14 kuchera pa 15 Malichi 2019, namondwe Idai anafika pamtunda pafupi ndi Beira ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 160 pa ola. A bungwe la Red Cross atauona mzindawo ali m'mwamba ananena kuti pafupifupi magawo 90 mwa 100 alionse aonongeka. Magetsi anazima, mafoni anasiya kugwira, chipatala chachikulu chinasasuka, ndipo msewu wa EN6, wolumikiza Beira ndi Chimoio mpaka ku Zimbabwe, unaduka. Boma la Mozambique linawerenga anthu 603 omwalira. Ku Zimbabwe, makamaka kumapiri a Chimanimani, kunafa oposa 300. Kwathu kuno kunafa anthu pafupifupi 60, ndipo tinayamba kulira ndife, chifukwa Idai asanakhwime anayamba wazungulira kumtunda kumayambiriro kwa mweziwo, n'kukhuthulira mvula m'chigawo cha kummwera, kenaka n'kubwerera kunyanja kukatenga mphamvu.

Ziwerengerozi zimanena za dziko. Koma namondwe amakumana ndi munthu pakhomo pake, ndipo masiku oyambirira pakhomopo sipafika boma, sipafika bungwe. Amene alipo ndi eni nyumba ndi anansi awo, pamodzi ndi zimene anali atasunga.

Kumene amachokera

Namondwe wotere amabadwira panyanja yofunda, pamene madzi apamwamba afika madigiri 26 kapena kuposerapo. Nthunzi imakwera, imasanduka mitambo, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kumene kumakoka mpweya wina kuchokera pansi. Kuzungulira kwa dziko kumapotoza mpweyawo mpaka chinthu chonsecho chimayamba kuzungulira, chachikulu makilomita mazanamazana. Ngalande ya nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar imafunda kwambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, n'chifukwa chake anamondwe amabwera nyengo yomwe ife tili ndi chimanga m'munda. Amene amawalondola m'chigawo chino ndi akatswiri a zanyengo a pachilumba cha Réunion, ndipo masiku ano amatha kunena kukadali masiku atatu kapena anayi kumene namondwe akulowera. Idai sanabwere mozemba. Wailesi zinalengeza.

Vuto la chenjezo ndi lakuti limafika kunja kuli dzuwa. Ku Mozambique anakhazikitsa mitundu itatu yochenjezera: wabuluu kutanthauza kuti namondwe angafike pakati pa maola 24 ndi 48, wachikasu pasanathe maola 24, wofiira pasanathe maola 6. Ntchito yonse yofunika imayenera kugwiridwa pa wabuluu, nthawi imene thambo lili mbee ndipo mnansi akukuseka kuti wachita mantha ndi mphepo. Pofika pa wofiira, kukwera padenga n'kudzipha.

Denga

Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imakankha denga. Zoona zake n'zakuti imalizula. Mpweya ukamathamanga pamwamba pa malata umawakokera m'mwamba, ndipo umayambira m'makona ndi m'mphepete, pamene malata atulukira kunja kwa khoma. Lata limodzi limayamba kugwedera. Pamsomali uliwonse bowo limakulirakulira, mpaka mutu wa msomali umadutsa. Lata likangotukuka, mphepo yapeza pogwira, ndipo anzake onse amatsatira. Chikatseguka chitseko kapena zenera la mbali imene mphepo ikuchokera, mpweya umadzaza m'nyumba n'kumakankha denga kuchokera m'kati pamene wina ukulikoka kunja. Apa mpomwe madenga amachoka athunthu, mitanda ndi malata omwe, n'kukatera kwa eni ake ena. Ndipo mphamvu ya mphepo sikula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Denga limene lapirira mphepo ya mwera zaka makumi awiri silinayesedwe n'komwe.

Choncho funso si lakuti malata ngatsopano kapena ayi, koma ngati chilichonse chagwirana ndi chinzake: lata kumtanda, mtanda kukhoma, khoma kumaziko. Amisiri athu ambiri amangoika mitanda pamwamba pa khoma n'kuitsekera ndi njerwa ziwiri zitatu. Waya wokhuthala kapena chitsulo chopyapyala chokulunga mtanda n'kulowa mizere ingapo pansi m'khoma n'chotchipa kuposa lata limodzi, koma ndicho chimasunga denga. M'mphepete ndi pamsonga misomali iyenera kuthithikana, ndipo ikhale ya mitu yaikulu. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri, ndipo khonde ndi bwino likhale ndi denga lakelake, kuti likauluka lisatenge la nyumba. Nthawi ikachepa, anthu a ku Beira amakweza matumba a mchenga padenga, ena amadutsitsa zingwe pamwamba n'kuzimangirira pansi. Zimathandiza ndithu. Miyala ndi njerwa zimene timakonda kutsindira nazo malata n'zina: mphepo ikakula zimagwera anthu omwewo.

Pabwalo pasatsale chouluka. Lata lotsamira kukhoma, ndowa, mpando, nthambi ya mango yolendewera padenga, zonsezi usiku umenewo zimasanduka zida. Anthu ambiri amene anafika kuchipatala ku Beira anali otemeka ndi malata ouluka. Za kumata tepi pagalasi la zenera, musatayirepo nthawi; thabwa lokhomedwa kunja ndiye chitetezo.

Zoika m'thumba

Madzi akumwa ndiwo oyamba, ngakhale kuti zimamveka zachilendo kutunga madzi pokonzekera mvula. Mipopi imadalira magetsi, ndipo zitsime zimalowa zonyansa. Zigubu ndi ndowa zonse zidzazidwe n'kuvindikiridwa. Pambuyo pake chakudya chosalira moto, machesi okulungidwa m'pulasitiki, makala oikidwa pamwamba, tochi, wailesi ya mabatire, foni yodzaza moto, ndi ndalama zogwirika m'manja, pakuti netiweki ikagwa ndalama za mufoni zimangokhala nambala.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziiwala ndipo amadzazilira kwa miyezi. Choyamba ndi mapepala: chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, makalata a malo, masatifiketi a sukulu. Akulungidwe m'mapulasitiki awiri n'kukhala pathupi pa munthu, osati m'sutikesi pansi pa bedi. Chachiwiri ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, a ma ARV, a TB, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu. Chigawo cha Sofala, kumene kuli Beira, chili ndi anthu ambiri amene ali pa ma ARV, ndipo Idai atadutsa, azaumoyo anali ndi ntchito yaikulu yofunafuna anthu amene mankhwala ndi makadi awo zinapita ndi madzi.

Kenaka pali funso lovuta kuposa onse, loti tichoke kapena tikhale. Amene amakana kuchoka si opusa. Amaopa akuba, amaganiza za mbuzi ndi nkhuku, ali ndi gogo wosayenda, ndipo kusukulu kumene akuuzidwa kuti athawireko kulibe chakudya kapena zimbudzi zokwanira. Ena amati tinaona mphepo zambiri ife. Koma nyumba ya zidina, kapena nyumba iliyonse ya pagombe, m'dambo, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, si malo odikiriramo namondwe. Wochoka achoke kukuwala, njira zikuoneka, ndipo ziweto azimasule. Mbuzi yomangidwa pachikhomo ilibe mwayi.

Usiku wake

M'nyumba yolimba, malo abwino ndi chipinda chaching'ono cha m'kati, chopanda mazenera aakulu, kumene makoma ali pafupipafupi. Magetsi azimitsidwe pa switchi yaikulu. Denga likayamba kuchoka, anthu alowe pansi pa tebulo kapena bedi, matiresi pamutu. Ana avale nsapato ngakhale akugona, chifukwa pothawa mumdima pansi pamakhala magalasi ndi misomali.

Pakati pa namondwe pali malo abata, otambalala makilomita makumi angapo, amene amatchedwa diso. Likamadutsa pamudzi, mphepo imaleka mwadzidzidzi, mvula imakata, nthawi zina nyenyezi zimaoneka. Anthu amatuluka. Wina akutola malata ake, wina wakwera kukakhoma pamene pasasuka, wina akuthamangira kukaona mayi ake kutsidya kwa msewu. Batalo limatha mphindi zochepa, mwina ola limodzi, ndipo mphepo imabwerera ndi ukali womwewo koma kuchokera mbali ina. Mtengo umene unapendekera kuno tsopano ukukankhidwira uko, mizu itamasuka kale. Khoma limene linali kumthunzi kwa mphepo ndilo layang'anana nayo. Mphepo imene yatha zoona imachepa pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Yoleka kamodzi n'kamodzi ndi yobwerera.

Pagombe pali mdani wina. Namondwe amakankha nyanja n'kuiunjikira kumtunda, moti madzi amakwera mamita angapo kuposa pamene amafika masiku onse, mafunde n'kumaswekera pamwamba pake. Pa mbali iyi Beira anachita mwayi. Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kumatsata mwezi, ndipo kumakula kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Idai anafika mwezi uli theka, nyanja isakudzaza kwambiri. Akanachedwa ndi sabata imodzi, nkhani ya mzindawu ikanakhala ina.

Madzi obwera mochedwa

Mphepo ndiyo imatchuka, koma amene amapha anthu ambiri ndi madzi. Idai atalowa kumtunda anakatsakamira kumapiri a Manica ndi Chimanimani n'kukhuthula mvula yosaneneka. Mvulayo inayenera kutsika, ndipo madzi saiwala khwawa. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, anthu a m'chigwa cha Buzi ali kalikiliki kutola malata, poganiza kuti zoopsa zadutsa, mitsinje ya Buzi ndi Pungwe inasefukira n'kusandutsa chigwa chonse nyanja. Anthu anakhala masiku angapo m'mitengo ndi pamadenga. Ndege za helikopita za ku South Africa ndi sitima za asilikali a ku India zinathandiza kupulumutsa anthu, koma ambiri anatsitsidwa m'mitengo ndi asodzi a komweko ndi mabwato awo.

Apa mpamene nkhani ya kugombe imatikhudza ife okhala kutali ndi nyanja yamchere. Namondwe akafika kuno mphepo yake imakhala itafooka, koma madzi amakhala akadali nawo. Namondwe Ana, mu Januwale 2022, anaononga damu la Kapichira n'kutisiya mumdima kwa miyezi. Freddy, amene bungwe loona zanyengo padziko lonse linamulemba kuti ndiye namondwe wokhalitsa kuposa onse, masiku 36, anafika pamtunda wa Mozambique kachiwiri, pafupi ndi Quelimane, pa 11 Malichi 2023. Koma dziko limene linataya anthu ambiri ndi Malawi: omwalira ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku anthu ali m'tulo. Akuluakulu a ku Zomba ndi ku Phalombe, amene amakumbukira za 1946 ndi 1991, ali ndi dzina lake la zimenezi, Napolo. Kaya munthu amakhulupirira za chinjoka chotuluka m'phiri kapena ayi, zizindikiro zimene akuluwo amatchula n'zoona: kulindima kochokera kumtunda, madzi a mumtsinje kusanduka matope mwadzidzidzi kapena kuphwa mvula ikugwa, ming'alu yatsopano pansi, mitengo kupendekeka. Ukaona zimenezo suthawira kumunsi motsata khwawa, umathawira cham'mbali.

Madzi othamanga ofika m'akakolo okha amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika m'mawondo amakokolola galimoto. Pansi pake sipaoneka: mlatho ungakhale utapita, dzenje la chimbudzi lingakhale lotseguka, waya wa magetsi angakhale ali momwemo.

Kukacha

Wobwerera kunyumba asathamangire kulowa. Ayambe waizungulira. Khoma la zidina kapena la njerwa zomangira dothi limamwa madzi kuchokera pansi, ndipo limatha kugwa patapita masiku dzuwa likuwala. Mng'alu wotsika mopingasa kuchokera pakona ya zenera, chitseko chimene dzana chinkatsekeka bwino koma lero chikukana, tsinde la khoma lofewa moti chala chikulowa, zonsezi zikutanthauza kuti mmenemo musagone munthu. Njoka nazo zimathawira pouma pomwe anthu athawira, m'madenga, m'matumba, m'mulu wa zovala. Waya aliyense wogwa ayesedwe wamoto. Ndipo pofuna kuumitsa m'nyumba kapena kufunditsa ana, mbaula isagone m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo jenereta nayo n'chimodzimodzi.

Ndiye pali chitsime. Madzi osefukira akaphwa, chitsime cha pakhomo chimaoneka bwinobwino. Matope akhazikika, madzi ayera, ndipo munthu waludzu amene wakhala masiku atatu akumwa za mvula amaona ngati mwayi. Koma chigumula chinadutsa m'zimbudzi zonse za mudziwo chisanalowe mmenemo. Ku Beira odwala kolera oyamba anatsimikizidwa pa 27 Malichi ku Munhava, pasanathe milungu iwiri chidutsireni Idai. Odwala anapitirira 6,000. Chimene chinaudula mliriwo msanga ndi katemera wakumwa, pafupifupi 900,000, amene anafika kumayambiriro kwa Epulo, pamodzi ndi kukonzedwa msanga kwa mipopi ya mzindawo. Freddy anatipeza ife tili kale pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri yathu, utapha kale anthu oposa 1,600.

Pakhomo, lamulo ndi limodzi: madzi alionse akumwa, otsukira mbale ndi otsukira mkamwa awiritsidwe mpaka abwadamuke, kapena athiridwe klorini, amene kuno timamudziwa ndi dzina la WaterGuard ndipo ku Mozambique amati Certeza. Madzi akakhala avundu ayambe asefedwa pansalu yoyera, chifukwa klorini sagwira bwino m'matope, ndipo akathiridwa adikire theka la ola. Asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono, chosalowa kapu ndi dzanja. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, ayambe kumwa Thanzi nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche. Thanzi akasowa, lita imodzi ya madzi otetezedwa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito. Kolera amatha kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa, ndipo chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kugombe kuli vuto linanso: chitsime cholowa madzi a m'nyanja chimakhala cha mchere, ndipo mcherewo suchoka ndi kuwiritsa kapena klorini.

Chakudya chokhudzidwa ndi madzi osefukira n'chotaya, ngakhale mtima ukane bwanji. Chimanga ndi mtedza zimene zangonyowa ndi mvula ziyanikidwe msanga, zoyala mopyapyala. Zikachita chuku zimakhala ndi poizoni amene saphedwa ndi moto ndipo amaononga chiwindi mwakachetechete. Kugaya chimanga chachuku pamodzi ndi chabwino kuti chisaoneke, monga ena amachitira, n'kungogawira banja lonse poizoniyo. Patapita milungu iwiri kapena itatu udzudzu umabuka m'zithaphwi, ndipo malungo amapeza anthu akugona panja, maneti atapita. Neti ndi chinthu choyenera kulowa m'thumba lothawa nalo.

Zotsalira

Chimene sichilembedwa m'malipoti ndi kutopa. Kukokolola matope m'nyumba, kuyanika matiresi amene sauma, kuwongola malata opindika ndi nyundo, kuima pamzere wa ufa, kufunafuna dzina lako pamndandanda wa olandira thandizo. Mitengo ya malata, misomali ndi simenti imakwera nthawi yomweyo imene aliyense akuzifuna. Ana ena amayambiranso kukodza pogona, ena amalira mphepo ikangowomba pang'ono, ndipo akuluakulu amene anaona wachibale akutengedwa ndi madzi amakhala osagona miyezi. Mabanja amene matupi a abale awo sanapezeke amasowa ngakhale manda oti akalirepo. Kumuuza munthu wotere kuti limbani mtima n'kosavuta. Chimene chimathandiza ndi kukhala naye, kumulola afotokoze kangati konse akufuna, ndi kubwezera ana kusukulu msanga, chinthu chimene chimavuta chifukwa sukuluzo ndizo zasanduka misasa. M'misasamo, mmene chakudya chili chochepa ndipo wogawa ali ndi mphamvu, amayi ndi atsikana amakumana ndi zoopsa zina. Idai atadutsa, bungwe la Human Rights Watch linalemba za amayi amene anakakamizidwa kugonana ndi atsogoleri a m'midzi kuti alandire chakudya. Thandizo la pangozi ndi laulere, ndipo wofuna malipiro a mtundu uliwonse ngofunika kumuneneza.

Idai anaononga nyumba zoposa 200,000 ku Mozambique ndi mbewu za pa mahekitala oposa 700,000, kutangotsala milungu yochepa kuti anthu akolole. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, pa 25 Epulo, namondwe Kenneth anagunda Cabo Delgado kumpoto, thandizo n'kugawikana. Boma linasamutsira mabanja ambiri kumalo okwera, monga Guara-Guara m'boma la Buzi ndi Mutua m'boma la Dondo. Kumeneko chigumula sichifika kawirikawiri, koma msodzi wa ku Praia Nova, pagombe la Beira, amene wapatsidwa puloti makilomita makumi angapo kuchokera kunyanja alibe poponya ukonde, ndipo mayi wogulitsa pamsika wa mumzinda alibe omugula. Ena anabwerera kugombe komwe kuja n'kumanganso ndi malata omwe aja, ongowongola. N'chimodzimodzi ndi anthu a kwa Makhanga ku Nsanje, amene akhala akuuzidwa kangapo konse kuti asamuke koma minda yawo ya chinyontho ili komweko. Amene amawanena kuti ngosamva nthawi zambiri amakhala ndi malipiro a pamwezi.

Namondwe Eloise atafika ku Beira pa 23 Januwale 2021, anapeza mabanja ambiri a m'malo atsopano aja akadali m'matenti a nthawi ya Idai, ndipo matenti ambiri anang'ambika. Koma ulendo uno anthu ochuluka anasamuka kukadali nthawi, madenga a mumzinda anali ndi matumba a mchenga, ndipo ngakhale kuti madera ambiri anamiranso, omwalira anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi 2019. Eloise analinso wocheperako mphamvu, choncho si zonse zimene tingati zinatheka chifukwa cha kukonzeka. Daviz Simango, meya amene anatsogolera Beira pa anamondwe onse awiriwa ndipo anakhala zaka zambiri akupempha ndalama zokonzera ngalande ndi zotchingira gombe, anamwalira mwezi wotsatira, ntchito yotchinga nyanjayo isanafike patali.